MAFUWA ATATU A MPIKISANO WA TRIATHLON: Ntchito ya Bungwe Louyang'anira ndi Ana a m'Chigwa cha Bwanje

Munthu wotsika mseu wa Khwekhwerere kuchokera kumapiri a Dedza, akafika pa Golomoti amapeza dziko lina. Mphepo yozizira ya kumtunda imatsalira m'mbuyo, ndipo patsogolo pake pamatambalala chigwa chotentha cha Bwanje, chodzala ndi minda ya mpunga, milambe ndi migwalangwa, mpaka kukalekeza kugombe la nyanja ya Malaŵi. M'chigwa chimenechi muli zinthu zitatu zimene mwana amazidziŵa popanda kuziphunzira m'kalasi. Choyamba ndi kusambira, pakuti ana ambiri a m'midzi ya kugombe amaloŵa m'madzi asanayambe n'komwe sukulu. Chachiŵiri ndi kupalasa njinga, chifukwa pakati pa Mua, Golomoti ndi Mtakataka njinga ndiyo galimoto ya munthu wamba: imanyamula matumba a mpunga, madengu a usipa, odwala opita kuchipatala cha Mua ndi alendo otsika basi. Chachitatu ndi kuthamanga, pakuti sukulu iri kutali ndipo belu silidikira munthu.

Anthu a kuno saziŵerengera zinthu zitatuzi ngati maseŵera. Kwa iwo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Komatu kumaiko ena anthu adazilumikiza nazisandutsa mpikisano umodzi wotchedwa triathlon, umene lero uli m'gulu la maseŵera a Olimpiki. Funso tsono ndi lakuti: kodi n'chiyani chimene chimalekanitsa mnyamata wa kabaza wa pa Golomoti ndi munthu amene amapachikidwa mendulo m'khosi dziko lonse likuonerera? Mphamvu onse aŵiri ali nazo. Chimene chimaŵalekanitsa ndi dongosolo, ndipo mwini wake wa dongosololo ndi bungwe loyang'anira maseŵeraŵa m'dziko.

KUMENE UDACHOKERA

Mpikisano wa triathlon monga udziŵikira masiku ano udayamba pa 25 September 1974 ku Mission Bay, mumzinda wa San Diego ku Amereka. Adaukonza ndi Jack Johnstone ndi Don Shanahan a kalabu ya othamanga ya mumzindawo, ndipo amene adapikisana tsiku limenelo adali anthu 46 okha. M'chaka cha 1978 ku Hawaii kudabadwa mpikisano wa Ironman, wolemetsa koposa, umene munthu amasambira makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180, ndi kumalizira ndi liŵiro la makilomita 42.

Pa zaka zoyambazo aliyense wokonza mpikisano ankadzipangira mtunda wake ndi malamulo ake. Motero kudali kovuta kunena kuti katswiri weniweni ndani, chifukwa wopambana kwina sadayesedwe ndi muyeso umodzi ndi wopambana kwinanso. Pofuna kuthetsa chisokonezo chimenechi, nthumwi za maiko osiyanasiyana zidakumana ku Avignon m'dziko la France m'chaka cha 1989 ndi kukhazikitsa bungwe la International Triathlon Union, ndipo mtsogoleri wake woyamba adali Les McDonald wa ku Canada. Chaka chomwecho, mumzinda womwewo, kudachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse. Mtunda umene adagwirizana ndiwo ukugwirabe ntchito pa Olimpiki: kusambira makilomita 1.5, njinga makilomita 40, ndi liŵiro makilomita 10, zonsezi motsatizana, koloko osaimitsidwa ngakhale pamene munthu akuvala nsapato.

Patangopita zaka 11, m'chaka cha 2000, triathlon idaloŵa m'maseŵera a Olimpiki ku Sydney, kumene Simon Whitfield wa ku Canada ndi Brigitte McMahon wa ku Switzerland adatenga mendulo zagolide. M'chaka cha 2002 idaloŵanso m'maseŵera a Commonwealth ku Manchester. Bungwe lija lidasintha dzina m'chaka cha 2020 kukhala World Triathlon, ndipo likulu lake liri ku Lausanne. Mbiri imeneyi ikuphunzitsa chinthu chimodzi: maseŵera a anthu 46 adafika pa Olimpiki m'zaka 26 zokha chifukwa adapeza eni ake oŵalembera malamulo ndi kuŵalankhulira.

MAKWERERO A ULAMULIRO

Ulamuliro wa maseŵera uli ngati wa mafumu. Monga nyakwaŵa ali pansi pa gulupu, gulupu pansi pa mfumu yaikulu, momwemonso kalabu ya pamudzi iri pansi pa bungwe la dziko, bungwe la dziko pansi pa Africa Triathlon, ndipo pamwamba pa onse pali World Triathlon. Bungwe la pamwambali limazindikira bungwe limodzi lokha m'dziko lirilonse, ndipo wopikisana sangadzilembetse yekha kumipikisano yake ikuluikulu. Dzina lake liyenera kutumizidwa ndi bungwe la kwawo. Ndiye kuti ngakhale mwana wa ku Mtakataka atamasambira ngati mcheni, popanda bungwe lomulembetsa luso lake lidzathera padooko pomwepo.

Kuno ku Malaŵi bungwe la maseŵera alionse liri ndi makomo aŵiri ofunika kugogodapo. Khomo loyamba ndi la Malawi National Council of Sports, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1974. Iyi ndiyo imalembetsa mabungwe a maseŵera ndi kuŵagaŵira thandizo lochokera ku Boma. Khomo lachiŵiri ndi la Malawi Olympic Committee, imene imatumiza timu ya dziko ku Olimpiki ndi ku Commonwealth, ndiponso ndiyo njira yodzera thandizo la Olympic Solidarity lophunzitsira aphunzitsi ndi achinyamata aluso. Dziko lino lidapita koyamba ku Olimpiki m'chaka cha 1972 ku Munich. Ku Commonwealth lidapatako mendulo zamkuwa pa nkhonya, kudzera mwa Tatu Chionga m'chaka cha 1970, ndiponso Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe m'chaka cha 1986.

Woŵerenga angafunse kuti: popeza kusambira, njinga ndi liŵiro ziri kale ndi mabungwe akeake, lachinai ndi lachiyani? Yankho liri pamoto wa kukhitchini. Mafuwa atatu, lirilonse litakhala pakona yakeyake ya bwalo, sangaphike nsima. Pamafunika munthu woŵaika pamodzi ndi kutereka mphika. Wosambira wa triathlon ayenera kusunga miyendo yake kuti ikapalase njinga, ndipo wopalasa ayenera kusiyako mphamvu zothamangira. Kaphunzitsidwe kake n'kosiyana, malamulo ake ndi osiyana, ndipo malo osinthira kuchoka m'madzi kupita panjinga ali ndi mwambo wake umene mabungwe atatu aja saudziŵa.

NTCHITO YOYAMBA: KUSUNGA MOYO

Pa ntchito zonse za bungwe lotere, yaikulu ndi kuonetsetsa kuti aliyense amene waloŵa m'madzi watulukamo wamoyo. Apa ndi pamene chigwa cha Bwanje chimafunira maso akuthwa. Nyanja imaoneka yofatsa m'maŵa, koma m'miyezi ya chisanu mphepo ya mwera ikauka, mafunde amagwedeza ngakhale bwato la msodzi wokhwima. Kumathiriro a mitsinje monga Bwanje ndi Livulezi, ndi m'mabango a m'mbali mwake, ndi kwawo kwa ng'ona ndi mvuu. M'madzi osayenda a m'mphepete mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ndipo palibe amene waiŵala mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Tsono bungwe ndilo liyenera kusankha malo osambirapo, kupima madzi mpikisano usanachitike, kuika zizindikiro zoyandama, ndi kundandika mabwato a opulumutsa m'njira yonse. Liyeneranso kukhala ndi mphamvu yonena kuti ayi. Pa Olimpiki ya 2024 ku Paris, dziko la France lidaononga ndalama zankhaninkhani kuyeretsa mtsinje wa Seine, komabe mvula itagwa madzi adapezeka ndi tizilombo topitirira muyeso, ndipo mpikisano wa amuna udasunthidwa kuchoka pa 30 July kupita pa 31 July. Makanema a dziko lonse adali atakonzeka kale, anthu atagula matikiti, koma oyang'anira adaika thanzi la opikisana patsogolo. Bungwe limene silingathe kuimitsa mpikisano chifukwa choopa kukhumudwitsa mlendo wolemekezeka siliyenera kupatsidwa ana a eni.

Pa nkhani ya madzi, akatswiri enieni ali kale m'midzi. Msodzi wa kugombe la Mtakataka amadziŵa pamene pali phompho, pamene mvuu zimatulukira, ndi maonekedwe a mitambo yolosera mwera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Bungwe lanzeru likafika kuchokera kumzinda liyenera kuyamba lakhala pansi ndi mafumu ndi makomiti a asodzi a padooko, kenaka n'kutulutsa mapepala ake. Asodzi omwewo, ataphunzitsidwa kutsitsimutsa munthu womira, ndiwo angakhale opulumutsa odalirika, ndipo nzeru imeneyo idzatsala m'mudzi mpikisano utatha.

Pamtunda napo pali zoopsa zake. Mseu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka, umene umadutsa pa Mtakataka, Mua ndi Golomoti, umayenda malole, maminibasi, ngolo ndi ziŵeto. Kuutseka kapena kuulondera kumafuna mgwirizano ndi apolisi a pamseu ndi khonsolo ya boma la Dedza, ndipo kalata yopempha zimenezi imamveka bwino ikachokera kubungwe lodziŵika. Lamulo la triathlon ndi lakuti munthu asakhudze njinga yake asanamange chisoti kumutu, ndipo asachimasule mpaka ataibweza pamalo pake. Kutentha kwa mwezi wa October ndi November kumafunanso kuti mpikisano uyambe mbandakucha, madzi akumwa akhale m'njira, ndipo achipatala akhale pafupi.

NTCHITO YACHIŴIRI: OŴERUZA NDI APHUNZITSI

Mpikisano wopanda oŵeruza odziŵa ntchito umatha ndi mkangano. Wina adzati mnzake adadula njira pokhota, wina adzati nthaŵi yake idalembedwa molakwika. Bungwe ndilo limaphunzitsa anthu oyeza mtunda, osunga nthaŵi ndi oyang'anira malo osinthira, ndi kuŵapatsa ziphaso zimene World Triathlon imazizindikira. Limasunganso kaundula wa zotsatira, kuti mwana amene wapambana chaka chino adziŵike chaka chamaŵa, ndi kuti posankha timu ya dziko pakhale manambala oonetsa, osati maina a abale.

Aphunzitsi a maseŵeraŵa sayenera kufunidwa kutali. M'sukulu za pulaimale ndi za sekondale za m'chigwachi muli kale aphunzitsi amene amatsogolera ana pa mpira ndi pa liŵiro kudzera m'bungwe la maseŵera a m'sukulu la MASSA. Pa Mtakataka pali sukulu yophunzitsa apolisi, kumene kulimbitsa thupi ndi gawo la maphunziro. Anthu otereŵa atapatsidwa maphunziro a sabata zochepa angathe kuyambitsa makalabu. M'mera mpoyamba: mwana wophunzitsidwa kupuma bwino m'madzi ali ndi zaka khumi amaposa wamkulu amene akuyesa kusintha chizoloŵezi cha zaka makumi aŵiri. Kusambira kwa kunyanja, kotukula mutu pamwamba, kumapulumutsa moyo koma kumatopetsa msanga pa mtunda wa makilomita 1.5, pamafunika wina woonetsa mwanayo kagonedwe koyenera pamadzi.

NTCHITO YACHITATU: KUTSEGULA CHIPATA

Chopinga chachikulu cha triathlon ndi mtengo wa zipangizo. Njinga ya mpikisano, yopepuka ndi ya magiya ambiri, mtengo wake umaposa zimene mlimi wa mpunga wa pa sikimu ya Bwanje angapate pa zokolola za nyengo zingapo. Bungwe likangotsata zofuna za amene ali ndi njinga zotere, maseŵeraŵa adzakhala a anthu ochepa a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi alendo obwera kudzaona nyanja, pamene eni nyanjayo aima m'mbali mwa mseu kuomba m'manja.

Koma njira zochepetsera mtengo zilipo, ndipo ziri m'malamulo omwewo a World Triathlon. Pali mpikisano wa aquathlon, wa kusambira ndi kuthamanga kokha, umene sufuna njinga. Pali wa duathlon, wa kuthamanga, kupalasa ndi kuthamanganso, umene ungachitike ngakhale kumtunda kwa Dedza kumene kulibe nyanja. Pali mtunda waufupi wa mamita 750 m'madzi, makilomita 20 panjinga ndi makilomita 5 pansi, ndipo ana amapatsidwa wocheperapo. Pa mipikisano ya kumudzi palibe choletsa bungwe kukhazikitsa gulu lapadera la njinga za kapalasa wamba, kuti anyamata a kabaza apikisane okhaokha pa njinga zofanana. Nyanja ya Malaŵi nayo imathandizapo: chovala chokwera mtengo chotetezera kuzizira, chimene osambira a ku Ulaya amachifuna, malamulo amachiletsa madzi akakhala ofunda, ndipo madzi a nyanja ino ndi ofunda miyezi yambiri ya pachaka.

Chipatacho chiyenera kutsegukiranso atsikana. Ku Olimpiki amuna ndi akazi amapikisana pa mtunda wofanana, ndipo kuyambira pa maseŵera a ku Tokyo, amene adachitika m'chaka cha 2021, pali mpikisano wopatsirana wa timu ya amuna aŵiri ndi akazi aŵiri. Dziko lopanda atsikana ophunzitsidwa silingaloŵe nawo. Dera lino ndi la Inkosi Kachindamoto, ndipo Theresa Kachindamoto adatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati mazanamazana a ana aang'ono ndi kuŵabwezera kusukulu. Mtsikana wobwerera kusukulu amafuna chomukhazika kumeneko, ndipo maseŵera ndi chimodzi mwa zotere. Komabe makolo sangapereke mwana wawo wamkazi kwa anthu osaŵadziŵa. Bungwe liyenera kukhala ndi aphunzitsi aakazi, malo osinthira zovala aulemu, zovala zosambirira zimene mudzi ungazivomereze, ndi malamulo okhwima olanga aliyense wofuna kudyera ana masuku pamutu. Ana a pasukulu ya osamva ya ku Mua nawonso angapikisane ndi anzawo bwinobwino, malinga woyambitsa mpikisano akweze mbendera m'malo modalira wezulo yekha.

NTCHITO YACHINAI: KUKHULUPIRIKA

Bungwe la maseŵera limagwira ndalama za eni: za Boma, za makampani othandiza, za mabungwe a kunja, ndi zimene opikisana amalipira polembetsa. Chifukwa cha ichi liyenera kukhala ndi malamulo olembedwa, msonkhano waukulu chaka ndi chaka, zisankho pa nthaŵi yake, ndi mabuku a ndalama oŵerengedwa ndi anthu apadera. Pamene zimenezi zisoŵa, thandizo limathera m'maulendo a akuluakulu, ndipo pabwalo la ndege oyang'anira amachuluka kuposa opikisana. Makalabu a kumidzi ayenera kukhala ndi voti pamsonkhano waukuluwo, chifukwa wopanda voti amakumbukidwa pomalizira.

Kukhulupirika kumakhudzanso opikisana. Mipikisano ya achinyamata imagaŵidwa potsata zaka, ndipo wamkulu wodzichepetsa zaka amaba mwayi wa mwana. Bungwe liyenera kuona ziphaso za kubadwa ndi zitupa za unzika lisanalembe dzina. Liyeneranso kuphunzitsa za mankhwala oletsedwa potsata malamulo a bungwe la WADA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999. Wothamanga angathe kuletsedwa kupikisana zaka zingapo chifukwa cha mankhwala amene adaŵagula pagolosale osadziŵa zimene ziri m'kati mwake, pakuti lamulolo limati mwini thupi ndiye woyankha mlandu.

ZIMENE ENA ACHITA

Wina anganene kuti zonsezi ndi maloto a dziko losauka. Koma kuchepa kwa dziko sikuletsa. Chisumbu cha Bermuda chiri ndi anthu pafupifupi 64,000, ochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'boma la Dedza, komabe Flora Duffy adachitengera mendulo yagolide ya triathlon ku Tokyo m'chaka cha 2021, yoyamba yagolide m'mbiri ya chisumbucho. Kuno kummwera kwa Africa, Henri Schoeman wa ku South Africa adapata mendulo yamkuwa ku Rio de Janeiro m'chaka cha 2016, ndi yagolide pa Commonwealth ya ku Gold Coast m'chaka cha 2018.

Chitsanzo choyandikira kwambiri ndi cha Zimbabwe, dziko lopanda nyanja yamchere monga Malaŵi. Bungwe la Triathlon Zimbabwe lakhala likuchititsa mpikisano wa Africa Triathlon Cup ku Troutbeck, m'mapiri a Nyanga, kwa zaka zambiri, ndipo kumabwera opikisana a maiko akutali kudzafuna mapointi. Chris Felgate adaimira dzikolo pa Olimpiki ya 2008 ndi ya 2012. Ku Troutbeck amasambira m'damu laling'ono la madzi ozizira. Malaŵi ali ndi nyanja imene akatswiri a kunja amachita kuilondola: Lewis Pugh adaioloka posambira m'chaka cha 1992, ndipo Martin Hobbs wa ku South Africa adaisambira m'litali mwake kwa masiku 54 m'chaka cha 2019. Ku Lilongwe kulinso dziŵe lamakono losambiramo limene lidamangidwa pokonzekera maseŵera a achinyamata a Region 5 a m'chaka cha 2022.

Chigwa cha Bwanje pachokha chiri ndi zambiri zimene wokonza mpikisano amazifuna. Nyanja iri pafupi. Miseu yatala yopita ku Salima, ku Balaka ndi ku Monkey Bay imakumanirana m'dera lomweli. Chitunda cha Khwekhwerere, chokwera pafupifupi mamita 1,000 m'makhotakhota ake, ndi sukulu yokwanira ya wopalasa njinga aliyense. Alendo amabwera kale ku Mua, kumishoni imene ansembe a White Fathers adaikhazikitsa m'chaka cha 1902, kudzaona zosemasema ndi nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya KuNgoni, imene Bambo Claude Boucher adaiyambitsa m'chaka cha 1976. Tsiku la mpikisano lingabweretse malonda kwa amayi ophika, kwa osema, kwa okonza njinga ndi kwa eni nyumba zogona alendo.

MUYESO WA BUNGWE

Mendulo ndi chipatso chochedwa kupsa, ndipo bungwe loyezedwa ndi mendulo zokha lidzathamangira kutola ana aŵiri kapena atatu a m'tauni amene ali kale ndi zipangizo, n'kuiŵala ena onse. Muyeso woyenera ndi mafunso ena. Kodi ndi ana angati a kugombe amene aphunzitsidwa kusambira mosamala chaka chino? Ndi aphunzitsi angati a m'sukulu za kumudzi amene alandira ziphaso? Ndi atsikana angati amene adayamba mpikisano, ndipo ndi angati adabweranso chaka chotsatira? Kodi mabuku a ndalama adaŵerengedwa poyera?

Mutu umodzi susenza denga. Bungwe lingalembe malamulo, koma dooko ndi la mfumu ndi asodzi, mseu ndi wa apolisi ndi khonsolo, ana ndi a makolo ndi aphunzitsi. Mbali ya anthu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka ndi kuyambitsa makalabu m'sukulu ndi m'mipingo, kulemba maina ndi nthaŵi za ana awo m'kope, ndi kugogoda pakhomo la oyang'anira maseŵera paboma mpaka atamvedwa. Mbali ya bungwe ndi kutsika Khwekhwerere, kufika kumene kuli ana amene akusambira, kupalasa ndi kuthamanga kale tsiku ndi tsiku, ndi kuŵaikira mzere woyambira ndi mzere womalizira.